Kuona Mtima m'Malonda—Pamene Wogula Sangathe Kuona

CHOMBO chodzaza ndi tirigu chikukocheza padoko la chisumbu cha Rhodes panthaŵi ya njala yaikulu. Mwini katunduyo wachokera ku Alexandria, ndipo anthu anjala amuunjirira, ali okonzekera kulipira mtengo uliwonse umene angatchule. Koma wamalondayo akudziŵa kanthu kena kamene iwo sakudziŵa. Ali panyanja, iye anapitirira zombo zina zambiri, zonse zodzaza ndi tirigu, zonse zolinga ku Rhodes komweko. M'masiku oŵerengeka chabe chakudya chidzachuluka ndipo mtengo udzatsika. Kodi iye ayenera kuwauza? Kapena kodi angagulitse tirigu wake pamtengo wa njala, osanena bodza ndi limodzi lomwe, koma ali chete?

Fanizo limeneli nlakalekale. Cicero, wandale ndi mlembi wachiroma, analilemba mu 44 B.C.E. m'buku lake lonena za mathayo a munthu lotchedwa De Officiis. Papita zaka zoposa 2,000, koma funsolo silinakalambe. Kwenikweni, lakula. Makampani aakulu tsopano amasindikiza malamulo awoawo a khalidwe labwino, masukulu ophunzitsa zamalonda amaphunzitsa nkhaniyi monga phunziro lapadera, ndipo osatsa malonda aphunzira kutchula mawu onga "kukhulupirika" kaŵirikaŵiri. Kodi nchifukwa ninji nkhani yakale imeneyi yakhala yofunika motero?

Kodi Kukhala Chete Ndiko Kubisa?

Cicero anaika mkanganowo m'kamwa mwa anthanthi aŵiri Achistoiki, Diogenes wa ku Babylon ndi wophunzira wake Antipater wa ku Tarsus. Diogenes analingalira kuti wogulitsa ayenera kuulula zilema za katundu wake monga momwe lamulo limafunira, ndi kupeŵa chinyengo. Kupitirira pamenepo, iye ali ndi ufulu wa kufunafuna mtengo wabwino koposa. Pajatu wamalondayo sanabere munthu. Anaika chuma chake ndi moyo wake pangozi panyanja, nafika ndi chakudya pamene panalibe chakudya. Antipater anakana zimenezo. Kwa iye, munthu anabadwira kuti athandize anthu anzake, chotero sangaime pakati pa anjala ndi mbiri ya chipulumutso chawo m'kamwa mwake nkuimeza.

Cicero anagwirizana ndi Antipater, koma mosamala. Iye anavomereza kuti si kukhala chete kulikonse kumene kuli kubisa. Kumakhala kubisa pamene munthu, kaamba ka phindu lake, afuna kuti ena asadziŵe chinthu chimene iye akudziŵa, chimenenso iwo afunikira kuchidziŵa.

Anzeru ena sanafike mpaka pamenepo. M'zaka za zana la 13, wazaumulungu Thomas Aquinas anapenda fanizo lofananalo nanena kuti chilungamo sichimaumiriza wamalonda kulengeza za zombo zimene zikubwera, ngakhale kuti akatero amasonyeza ubwino wokulirapo. Mabwalo amilandu nawonso apendekera kumbali imeneyo. Mu February 1815, wamalonda wina wa ku New Orleans wotchedwa Hector Organ anamva, anthu ambiri asanamve, kuti nkhondo ya pakati pa United States ndi Britain inatha, ndipo zombo zikayambanso kutuluka m'madoko. M'maŵa womwewo iye anagula migolo 111 ya fodya. Pamene wogulitsayo anafunsa ngati panali mbiri iliyonse yokhoza kukweza mtengo, Organ sanaulule. Mbiriyo itawanda, mtengo wa fodya unakwera ndi maperesenti 30 mpaka 50. Mlanduwo unafika ku Bwalo Lalikulu la United States, ndipo mu 1817 Woweruza Wamkulu John Marshall anagamula kuti Organ analibe thayo la kuuza mnzakeyo mbiriyo, malinga ngati sananene kapena kuchita kanthu komsokeretsa.

Lingaliro limenelo siliri lopusa. Palibe amene amayembekezera wogulitsa nsomba kuuza ogula mtengo umene iye anagulira kunyanja, kapena kuwalozera mnzake amene akugulitsa motchipa. Malonda sangayende ngati munthu amene walaŵira m'mamaŵa sapindula kanthu ndi kulaŵira kwake. Komabe, pali mfundo imodzi imene onseŵa, kuphatikizapo Diogenes, sanaitsutse: mbiri ya pamsika ndi nkhani ina, koma chilema cha katundu weniweniyo ndi nkhani inanso. Aquinas ananenetsa kuti chilema chobisika chimene chingavulaze wogula kapena kumtayitsa ndalama chiyenera kuululidwa.

Katundu Amene Maso Sangampende

Anthu a ku Rhodes sanathe kuona zombo zimene zinali kutsidya kwa chizimezime, koma anatha kuona tiriguyo. Anatha kumtapa m'manja, kumnunkhiza, ndi kumluma. Zili chimodzimodzi m'misika yambiri ya mu Afirika. Mayi wogula nyemba amaziyang'ana ngati zafumbwa, ndipo wogula chimanga amasuzumira pansi pa ndowa kuona ngati sinafwaphidwe kuti iloŵe zochepa. Wogulitsayo ali pompo, nkhope yake njodziŵika, ndipo akanyenga lero, maŵa mudzi wonse udzakhala utamva.

Koma kodi ndani amene angalume mbulu wa mankhwala nkudziŵa zimene zili mkati mwake? Ndani angapende mkaka waufa wa khanda, feteleza wosokeredwa m'thumba, inshuwalansi, kapena programu ya m'foni? Katundu wotereyu amapangidwa kutali, ndi anthu amene wogula sadzawaona konse, ndipo amadzera m'manja ambiri asanafike m'sitolo. Mu 2008, ku China, mkaka wothiridwa mankhwala a melamine kuti uoneke ngati uli ndi maproteni ochuluka unadwalitsa makanda pafupifupi 300,000, ndipo osachepera 6 anamwalira. Amayi awo analibe njira iliyonse yodziŵira. Wogula wamakono amagula mawu a wogulitsa poyamba, katundu pambuyo pake.

Nchifukwa chake kuona mtima kwakwera mtengo. Katswiri wa zachuma George Akerlof, amene pambuyo pake analandira mfupo ya Nobel mu 2001, anasonyeza mu 1970 zimene zimachitika pamsika wa magalimoto ogwiritsiridwapo kale ntchito. Popeza ogula sangasiyanitse yabwino ndi yachabe, amakana kulipira mtengo wa yabwino. Pamenepo eni magalimoto abwino amachoka pamsikapo, natsala onyenga okhaokha. Wonama sabera wogula yekha. Amaberanso wamalonda mnzake woona mtima.

Koma chinthu chikakwera mtengo, opanga zachinyengo amachitsanzira. Kampani ya Enron, imene inagwa mu 2001 itabisa ngongole zake kwa zaka zambiri, inali ndi buku la malamulo a khalidwe labwino lamasamba oposa 60. Kuona mtima kwenikwenikwo kukhoza kuikidwa m'pepala lokongola nkugulitsidwa. Palibe nkhani imene imasonyeza zimenezi bwino kwambiri kuposa ya magalimoto a dizilo a kampani ya ku Germany ya Volkswagen.

Mpango Woyera

Kuyambira mu 2008, kampani imeneyi inasatsa magalimoto ake ku United States monga a "dizilo woyera." Anthu a kumeneko anazoloŵera kuona dizilo monga mafuta a malole ofuka utsi wakuda, chotero panafunikira kusintha maganizo awo. M'chilengezo china cha malonda cha mu 2015, mayi wina wokalamba anaika mpango wake woyera pakamwa pa paipi ya utsi injini ikulira, ndiyeno anauonetsa kwa anzake. Unali woyera mbee! Magalimoto ameneŵa analandira mifupo ya kusaipitsa mpweya, ndipo ambiri anawagula pamtengo wokwererapo akumakhulupirira kuti anali kuchitira zabwino anansi awo.

Mpangowo sunaname. Mwaye unalibepodi. Koma choipa chachikulu cha injini zimenezo sichinali mwaye. Chinali mipweya yotchedwa nitrogen oxide, imene siisiya banga pansalu koma imavulaza mapapu ndi kukulitsa matenda onga mphumu. Chilengezocho chinasonyeza chinthu choona kuti maso asayang'ane kumene kunali bodza. Akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Malamulo a United States onena za mipweya imeneyi anali okhwima kuposa a ku Ulaya. Kuyambira cha mu 2006, mainjiniya a kampaniyo anaona kuti injini yawo yatsopano sikanatha kuwakwaniritsa popanda kumwa mafuta ochuluka ndi kutha msanga zipangizo zina. Mmalo mwa kuvomereza zimenezo, iwo anaika mu kompyuta ya galimotoyo programu yokhoza kuzindikira pamene galimotoyo inali kupimidwa. Popima utsi, galimoto imaikidwa pamakina pamene magudumu amazungulira iyo ili malo amodzi, liŵiro lake likumatsatira dongosolo lodziŵika, chiwongolero chosatembenuzidwa. Programuyo ikaona zizindikiro zimenezo, inali kutsegula mokwanira zipangizo zoyeretsa utsi. Galimotoyo ikabwerera pamsewu, inali kuzichepetsa mphamvu.

Amene anatulukira zimenezi sanali kufunafuna mbala. Kagulu ka ofufuza a pa West Virginia University, kotumidwa ndi bungwe la International Council on Clean Transportation, kanamangirira makina opimira utsi pamagalimoto atatu a dizilo ndi kuwayendetsa m'misewu yeniyeni ya kumadzulo kwa United States. Zopeza zawo, zofalitsidwa mu May 2014, zinasonyeza kuti galimoto ya mtundu wa Jetta inatulutsa nitrogen oxide woŵirikiza nthaŵi 15 mpaka 35 kuposa mlingo wololedwa, ndipo ya Passat nthaŵi 5 mpaka 20. Kwa chaka choposa chimodzi kampaniyo inapereka zifukwa zosiyanasiyana zaumisiri. Pa September 18, 2015, bungwe la boma la Environmental Protection Agency linalengeza poyera za chinyengocho. Patapita masiku oŵerengeka, kampaniyo inavomereza kuti programuyo inali m'magalimoto okwanira mamiliyoni 11 padziko lonse, ndipo mkulu wake, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo. Chodabwitsa nchakuti m'mwezi umodzimodziwo, zisanaululike, mpambo wotchuka wa Dow Jones woyamikira makampani osamala malo okhala unali utaika Volkswagen patsogolo pa makampani onse opanga magalimoto.

Miyeso Iŵiri m'Thumba Limodzi

Umisiriwo unali watsopano, koma machenjerawo anali akale. Chilamulo cha Mose chinaletsa Mwisrayeli kukhala ndi miyala yoyesera ya mitundu iŵiri m'thumba lake, wina wolemera ndi wina wopepuka, wina wogulira ndi wina wogulitsira. Programu ya Volkswagen inali thumba lomwelo: muyeso wina wa woyendera wa boma, wina wa anthu opuma mpweya mumsewu.

Panopa pali kanthu kena koyenera kukasinkhasinkha. Galimoto imeneyo inadziŵa kuchita bwino. Zipangizo zoyeretsa utsi zinalimo, ndipo zinagwira ntchito nthaŵi iliyonse pamene panali wozipenyerera. Chimene anthu anaiphunzitsa chinali kufunsa kaye funso limodzi isanachite bwino: Kodi pali amene akuona? Kunena zoona, makinawo sanayambitse funso limenelo. Analitengera kwa anthu, amene akhala akulifunsa chiyambire kalekale mumtima mwawo, ali kuseri kwa sikelo.

Ndiponso, olipira sanali ogula okha. Ofufuza a pa Massachusetts Institute of Technology ndi Harvard University anaŵerengera mu 2015 kuti utsi wopambanitsawo ukafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 60 mu United States mokha. Anthu ameneŵa sanasaine pangano lililonse la malonda. Mkangano wa Diogenes ndi Antipater unali wa wogulitsa ndi wogula. M'malonda amakono muli munthu wachitatu, woima m'mbali mwa msewu, amene sanafunsidwe kanthu.

Kodi Kuona Mtima Kumapindulitsa?

Alangizi a zamalonda ali ndi yankho lokonzeratu pankhani zonga zimenezi: kuona mtima kumadzetsa phindu. Kaŵirikaŵiri amatchula kampani ya Johnson & Johnson. Mu 1982, anthu 7 atafa m'dera la Chicago atamwa makapisozi a Tylenol amene munthu wina anathiramo poizoni wa cyanide, kampaniyo inachenjeza anthu poyera ndi kuchotsa m'masitolo mabotolo pafupifupi mamiliyoni 31, ikumataya madola pafupifupi mamiliyoni 100. Mosapita nthaŵi yaitali ogula anabwerera. Nayonso nkhani ya Volkswagen ikuoneka ngati ikuchirikiza mfundoyo kuchokera kumbali inayo. Mu 2016 kampaniyo inavomera kulipira madola okwanira mabiliyoni 14.7 ku United States, mu 2017 inavomera mlandu waupandu ndi kulipira enanso mabiliyoni 4.3, ndipo zonse pamodzi zinapitirira mayuro mabiliyoni 30.

Ngakhale kuli tero, yankho limenelo nlosakwanira. Mu 2016, chaka chotsatira chivumbulutsocho, Volkswagen inagulitsa magalimoto mamiliyoni 10.3, kuposa kampani ina iliyonse padziko lapansi. Chinyengocho chinali chitayenda zaka zisanu ndi chimodzi ndi kupitirira, ndipo chinagwidwa ndi kagulu kochepa kopima magalimoto atatu. Bwanji ngati iwo akanabwereka magalimoto amtundu wina? Munthu woŵerengera phindu lokha angaone nkhani yomweyi ndi kutengapo phunziro lina: kubisa mochenjererapo.

Wanthanthi wachijeremani Immanuel Kant anaona vuto limeneli mu 1785. Iye anapereka chitsanzo cha mwini sitolo amene salipiritsa mopambanitsa ogula osadziŵa mitengo, kwakuti ngakhale mwana amagula kwa iye pamtengo wofanana ndi wa wamkulu. Ogulawo akuchitiridwa moona mtima, inde. Koma Kant anati zimenezo zokha sizimatsimikizira kuti munthuyo ngwoona mtima, pakuti pamalo pamene ogula ali ambiri, phindu lake lomwelo limamuuza kuchita motero. Kodi akanachita chiyani ndi mlendo wongodutsa, amene sadzabweranso ndipo sadziŵana ndi aliyense m'mudzimo?

Limenelo ndilo dzenje la chiphunzitso chakuti kuona mtima kumapindulitsa. Kaŵirikaŵiri kumapindulitsadi, ndipo nkwabwino kuti kumatero. Koma munthu amene ali woona mtima chifukwa cha phindu amakhala wotero kufikira tsiku limene masamu adzasintha. Iye sali wosiyana kwambiri ndi galimoto ija. Amangoyembekezera chiwongolero kutembenuka. Malamulo okhwima amathandiza, ndipo maboma akuwonjezera: United States inakhwimitsa malamulo a maakaunti a makampani mu 2002 pambuyo pa Enron, ndipo mu 2024 European Union inavomereza lamulo loletsa osatsa malonda kunena popanda umboni kuti katundu wawo samawononga chilengedwe. Koma lamulo limangowonjezera oyendera. Silimachotsa funso lija mumtima.

Amene Anali m'Chipinda cha Msonkhano

Nkwapafupi kulankhula za "kampani" monga ngati kuti ndi chilombo chopanda nkhope. Koma programuyo inalembedwa ndi zala za anthu, anthu okhala ndi mabanja, ngongole za nyumba, ndi mabwana oopsa. Chikalata chimene Volkswagen inasaina povomera mlandu mu 2017 chimasonyeza kuti antchito ena anadandaula za programuyo pamene inali kukonzedwa, koma akuluakulu awo analamula kuti ntchitoyo ipitirire. Odandaulawo anabwerera kumadesiki awo.

Palibe amene ayenera kupeputsa chiyeso choterocho. Kukana kukanatanthauza kutaya mwaŵi wa kukwezedwa pantchito, mwinamwake ntchito yeniyeniyo, ndipo mwachionekere wina akanapezeka wochita zimene wokanayo anakana. Kalaliki wouzidwa kusintha deti pachikalata, kapena wogulitsa m'sitolo wouzidwa kusatchula kuti katundu watsala pang'ono kuwonongeka, amadziŵa kulemera kwake. Kwa munthu wotero, mawu akuti kuona mtima kumapindulitsa angamveke ngati chipongwe. Mwezi umenewo, kwa iyeyo, sikupindulitsa.

Komabe kumvera nakonso kunali ndi mtengo wake. James Liang, injiniya amene anagwirira ntchito kampaniyo kwa zaka zoposa 30, sanali mkulu wa chiŵembucho, ndipo anathandiza ofufuza a boma. Loya wake anamfotokoza monga wantchito wokhulupirika mopambanitsa kwa womlemba ntchito. Mu August 2017, woweruza wa ku Detroit anamlamula kukhala m'ndende miyezi 40, chilango choposa chimene oimira boma anapempha. Oliver Schmidt, amene anali kuyang'anira ofesi ya kampaniyo yoona za malamulo a utsi ku United States, anapatsidwa zaka 7 mu December chaka chomwecho. Iye analembera woweruzayo kuti anadzimva kukhala wogwiritsiridwa ntchito molakwa ndi kampani yake.

Mlandu wa Rupert Stadler, amene anali mkulu wa Audi, nthambi ya Volkswagen, ukanamkondweretsa Antipater. Bwalo la ku Munich silinampeze ndi mlandu wa kulamula kuti programuyo ipangidwe. Linampeza ndi mlandu wa chinyengo chifukwa chakuti, atadziŵa kuti magalimoto ena angakhale akali ndi programu yonyenga, analola kuti apitirize kugulitsidwa ogula osauzidwa. Mu June 2023 anapatsidwa chilango cha chaka chimodzi ndi miyezi 9, choimikidwa, ndi chindapusa cha mayuro miliyoni 1.1. Cholakwa chake chinali kukhala chete.

M'chikalata chija cha mu 2017 mulinso ndime ina yaifupi. Podzafika August 2015, akuluakulu a boma anali atakana kuloleza magalimoto a dizilo a chaka chotsatira kufikira atapatsidwa yankho lomveka. Pa August 18, mabwana ena a kampaniyo anavomereza mawu olembedweratu amene antchito awo anayenera kutsatira pamsonkhano wa tsiku lotsatira ndi bungwe la California Air Resources Board. Mawuwo anakonzedwa kuti programuyo ikhalebe yobisika. Pa August 19, ku El Monte, California, wantchito mmodzi anasiya mawu olembedwawo. Motsutsana kotheratu ndi malangizo a mabwana ake, iye anauza akuluakulu a bomawo kuti magalimotowo anali kuyeretsa utsi mwanjira ina akakhala pamakina opimira, ndi mwanjira inanso akakhala pamsewu. Inali nthaŵi yoyamba kuti aliyense wa m'kampaniyo anene zimenezo kwa iwo, miyezi 15 kuchokera pamene ofufuza a ku West Virginia anafalitsa zopeza zawo. Chikalatacho sichimatchula dzina lake. Pa September 3, kampaniyo inavomereza kwa akuluakulu a bomawo kuti inaikadi programuyo.